Tayala limafera m'kati: kugula matayala kumalo otentha ndalama zili zochepa

Munthu akafuna kugula tayala la galimoto, choyamba amapisa chala m'mano a tayalalo kuti amve kuya kwake. Mano akakhala akuya mtima umakhala pansi, chotsala n'kukambirana mtengo basi. Kumayiko ozizira kachitidwe kameneka sikaphonya kwambiri, poti kumeneko tayala loyenda tsiku ndi tsiku limatha mano lisanakalambe. Koma kumene dzuwa limaswa mtengo miyezi yambiri pa chaka, tayala likhoza kuphulika pamsewu mano ake ali bwinobwino. Chimene chimalipha ndi kutentha, ndipo kutenthako kumagwira ntchito yake m'kati, m'mene chala ndi diso sizifika. Wogula amene thumba lake ndi lopepuka ayenera kumvetsa zimenezi kuposa wina aliyense, chifukwa ndalama zake sizilola kugula kawiri.

Tayala si labala yekhayekha. Pansi pa mano pali malamba awiri a mawaya achitsulo opingasana. Pansi pa malambawo pali nsalu ya ulusi wolimba, kawirikawiri wa poliyesitala, imene imayenda kuchokera kumlomo wina wa tayala kukafika kumlomo wina. M'kati mwenimweni muli kachikopa kopyapyala ka labala wosunga mpweya, kamene kanalowa m'malo mwa chubu. Zonsezi zimagwidwa pamodzi ndi labala amene amaphikidwa ndi sulufule kufakitale. Moyo wa tayala wagona pa kumatirira kumeneku, makamaka m'mphepete mwa malamba a waya aja, chakumapewa a tayala. Labala wa pamenepo akafooka, lamba wina amayamba kulekana ndi mnzake pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina galimoto ili pa liwiro, chikopa chonse cha mano chimasendeka n'kuuluka.

Kutentha kwa tayala kumachokera mbali ziwiri. Kwina n'kwa kunja. Phula lakuda limamwa dzuwa, moti tsiku limene kunja kwatentha madigiri 35, pamwamba pa msewu pakhoza kufika madigiri 60. Koma kutentha koopsa zedi tayala limadzipangira lokha. Mbali imene yakhudza pansi imaphwatalala ndi kulemera kwa galimoto, ikangochoka pansi imabwerera mwakale. Labala akamapindika ndi kuwongoka chotere sabweza mphamvu yonse imene walandira. Ina imasanduka kutentha. Mutatenga chidutswa cha labala wochindikala n'kumachipinda mofulumira kwa kanthawi, mumva chikufunda m'manja. Tayala la galimoto yaing'ono, pa liwiro la makilomita 100 pa ola, limazungulira pafupifupi ka 14 pa sekondi iliyonse. Tsono ganizirani kupindika kumeneko kwa maola atatu osapuma, masana, pa phula lotentha kale.

Zinthu zitatu zimachulukitsa kupindikaku: mpweya wochepa, katundu wochuluka, ndi liwiro. Tayala lochepa mpweya limaphwatalala kwambiri, choncho limapindika kwambiri. Katundu wolemera amachita chimodzimodzi. Liwiro limachulukitsa maulendo a kupindikako n'kulimana tayala mpata wozizira. Zitatuzi zikakumana tsiku lotentha, ngakhale tayala la dzina lotchuka limagonja.

Palinso ukalamba. Mpweya umene timapopera m'tayala uli ndi okosijeni, ndipo okosijeniyo amalowerera pang'onopang'ono kudutsa kachikopa ka m'kati kaja n'kumawononga labala amene wagwira mawaya. Labalayo amauma, amasiya kutamuka, kenako amayamba kung'aluka. Asayansi ali ndi muyezo wongoyerekezera wakuti kusintha kwa mtundu uwu kumafulumira pafupifupi kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Ndiye kuti tayala la zaka zisanu kudziko lotentha ndi nkhalamba poyerekeza ndi la zaka zisanu kudziko lozizira, ngakhale onse awiri atayenda mtunda wofanana. Kukalambaku sikudikira kuti galimoto iyende. Tayala la galimoto yongoima pabwalo nalonso limakalamba.

Zimenezi zinaonekera mowawa m'chaka cha 2000. Mu Ogasiti chaka chimenecho kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni ku America kuti abwezedwe, ndipo ambiri anali pa magalimoto a Ford Explorer. Mano a matayalawo ankasendeka galimoto ili pa liwiro, magalimoto n'kumagubuduzika, ndipo anthu oposa 200 anataya miyoyo. Pofufuza zinadziwika kuti ngozizo zinachuluka kumadera otentha monga Texas, Florida ndi Arizona, komanso kuti vuto lomweli linali litaoneka kale ku Saudi Arabia ndi ku Venezuela. Makampani awiriwo analozana zala. Firestone inkati mpweya wa 26 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya m'tayala) umene Ford inkalangiza unali wochepa, pamene Ford inkati vuto linali m'tayala lenilenilo. Pamkangano wonsewo zinthu zimene zinkatchulidwa zinali zomwezi: kutentha, mpweya, katundu, liwiro ndi zaka za tayala. Chaka chomwecho America inakhazikitsa lamulo la TREAD Act, ndipo kuyambira mu Seputembala 2007 galimoto yaing'ono iliyonse yatsopano kumeneko iyenera kukhala ndi kachipangizo kochenjeza dalaivala mpweya ukachepa. Mayiko a European Union anakhazikitsa zofananazo pa magalimoto atsopano kuyambira mu Novembala 2014. Bungwe la NHTSA, loona za chitetezo pamsewu ku America, litafuna kumvetsa mmene matayala amakalambira, linakatenga matayala oyesera ku Phoenix, mzinda wa m'chipululu, chifukwa n'kumene kutentha kumaonetsa ntchito yake msanga.

Ndiye kugula kumayambira pachitseko cha galimoto yanu, osati kusitolo. Mukatsegula chitseko cha dalaivala, pachipilala pamakhala kapepala komata. Pa magalimoto ena kamakhala kuseri kwa kachitseko kothirira mafuta, ndipo zomwezo zimapezeka m'buku la galimoto. Kapepalako kamanena kukula kwa tayala limene wopanga galimoto anasankha ndi mpweya woyenera. Musangodalira tayala limene lili pagalimoto panopa, makamaka ngati munaigula kwa wina, chifukwa mwina mwini wakale anangoika limene analipeza tsikulo.

Tengani kansanza konyowa, mugwade, mupukute fumbi m'mbali mwa tayala. Mupeza zolembedwa zonga izi: 185/65 R15 88H. Nambala ya 185 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita. Ya 65 ikunena kuti khoma la m'mbali ndi lalitali magawo 65 pa 100 a mulifupimo. R ndi kapangidwe ka tayala kamene magalimoto pafupifupi onse amagwiritsa ntchito masiku ano, ndipo 15 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Ogula ambiri amalekera pomwepa. Amatchula manambala atatuwa kwa wogulitsa, n'kusiya ziwiri zomalizazo, zimene kwa munthu wa kumalo otentha n'zofunika kwabasi.

Nambala ya 88 ikunena katundu amene tayala limodzi lingasenze likapopedwa mokwanira, ndipo 88 ndi makilogalamu 560. Ya 82 ndi makilogalamu 475, ya 91 ndi 615, ya 95 ndi 690. Matayala awiri akhoza kufanana kukula koma n'kusiyana nambala imeneyi, ndipo lotsika mtengolo nthawi zina limakhala la nambala yotsika. Musatsike kuchoka pa nambala imene wopanga galimoto analemba. Kukwera palibe vuto. Matayala olembedwa XL ndi olimbitsidwa kuti asenze zambiri akapatsidwa mpweya wochulukirapo. Minibasi ndi magalimoto onyamula katundu amafuna matayala awoawo, okhala ndi chilembo C pambuyo pa kukula kwa rimu, monga 195 R15C, kapena zilembo LT. Kuika tayala la galimoto yaing'ono pa minibasi poti lakwana parimu ndi kupulumutsa ndalama koika miyoyo ya anthu ambiri pachiswe, ndipo ine sindiona chifukwa chilichonse chokulolera.

Chilembo chomaliza ndi cha liwiro. S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190, H ndi 210, V ndi 240. Wina anena kuti iye safika n'komwe pa liwiro limenelo, ndiye chilembocho chilibe naye ntchito. Komatu chimene chimalepheretsa tayala kupirira liwiro ndi kutentha komwe kuja. Tayala la H linayesedwa n'kupezeka kuti limapirira kutentha kumene la S silingapirire, ndipo kawirikawiri limakhala ndi nsalu ya nayiloni yokulunga pamwamba pa malamba a waya kuti asafunyuluke. Mphamvu yotsalayo ndi imene imakuthandizani tsiku limene msewu wapsa, galimoto yadzaza, ndipo tayala lina lachepa mpweya inu osadziwa. Mtengo wa T ndi wa H ukayandikana, tengani H.

Pa matayala ambiri mupezanso mawu atatu ang'onoang'ono chakufupi ndi mano: TREADWEAR, TRACTION ndi TEMPERATURE. Awa ndi muyezo wa boma la America, ndipo amalembedwa pa matayala a magalimoto ang'onoang'ono opangidwira msika wa kumeneko, choncho kusowa kwake pa tayala lina sikutanthauza kuti ndi loipa. Akapezeka, yambani ndi lachitatulo. TEMPERATURE imapatsidwa A, B kapena C, potengera liwiro limene tayala lapirira pa makina oyesera lisanawonongeke ndi kutentha. A ndi kupitirira makilomita 185 pa ola, B ndi pakati pa 161 ndi 185, ndipo C ndi pongodutsira kuti tayala liloledwe kugulitsidwa. Kumalo otentha funani A, B ndi yololeka kwa woyenda maulendo afupiafupi a m'tauni, C musiyeni. Chosangalatsa n'chakuti A siipezeka pa matayala odula okha. TRACTION ikunena za kugwira mabuleki pamsewu wonyowa, kuyambira AA, A, B mpaka C. Koma TREADWEAR, imene ogulitsa amakonda kuloza, muitenge mosamala. Ndi nambala monga 300 kapena 500 yonena za kuchedwa kutha kwa mano, ndipo kampani iliyonse imadzilembera yokha. Imathandiza poyerekeza matayala a kampani imodzi, koma 400 ya kampani ina si 400 ya inzake.

Matayala ogulitsidwa ku Europe amabwera ndi chipepala chomata pamano, chimene chinayamba mu 2012 n'kukonzedwanso mu 2021. Chimapereka zilembo A mpaka E pa kamwedwe ka mafuta ndi pa kugwira msewu wonyowa, komanso chimanena za phokoso. Za kutentha sichinena mwachindunji, koma tayala logudubuzika mopepuka ndi limene silitaya mphamvu yambiri popindika, ndiye limapulumutsa mafuta. Mukapanikizika kuti musankhe chimodzi, sankhani kugwira msewu wonyowa.

Tsopano tsiku lobadwa. Fufuzani zilembo DOT m'mbali mwa tayala, mutsatire zilembo ndi manambala otsatira mpaka kumapeto, pamene pali manambala anayi, kawirikawiri m'kabokosi kozungulira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 1824, tayalalo linapangidwa sabata ya 18 ya chaka cha 2024. Nthawi zambiri manambala anayiwa amakhala mbali imodzi yokha, ndiye mukawasowa tembenuzani tayala. Akakhala atatu okha, tayalalo ndi la chisanafike chaka cha 2000 ndipo siliyenera kukhalanso pamsewu. Opanga magalimoto angapo, kuphatikizapo Ford, amalangiza kusintha tayala likakwana zaka 6 ngakhale mano alipo. Kampani yopanga matayala ya Michelin imati likadutsa zaka 5 liziyenderedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo lisapitirire zaka 10 zivute zitani. Kumene kumatentha, ine ndimaona kuti malire anzeru ndi a zaka 6 aja.

Izi sizikutanthauza kuti muzikana tayala latsopano lililonse lomwe lakhala m'sitolo. Limene lasungidwa pamthunzi, pozizira bwino, kwa chaka chimodzi kapena ziwiri lilibe vuto, ndipo tsikulo limakupatsani poyambira popempha kuti mtengo utsike. Koma limene lakhala zaka zinayi litaunjikidwa panja padzuwa ladya kale gawo lalikulu la moyo wake lisanagunde msewu.

Pali msampha wina umene umakola anthu ambiri a kumayiko otentha: matayala a nyengo yachisanu. Amabwera pa magalimoto akale ochokera kumayiko ozizira monga Japan, kapena m'milu ya matayala ogwiritsidwa kale ntchito. Pooneka ndi okopa, poti mano ake amakhala akuya ndipo labala wake ndi wofewa ukamudina ndi chala. Kufewa kumeneko kunapangidwira msewu wozizira pansi pa madigiri 7, wa chipale chofewa ndi madzi oundana. Pa phula lotentha labalayo amafewa mopitirira, mano amagwedera pokhota, galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime, ndipo tayala limatha mofulumira. Kuwazindikira n'kosavuta. Mano ake amakhala ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota topyapyala, ndipo m'mbali mumakhala chithunzi cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi m'kati, kapena mawu akuti STUDLESS, kapena mayina monga Blizzak, iceGUARD, Winter Maxx ndi X-Ice. Zilembo M+S pazokha zisakuopseni, chifukwa zimapezekanso pa matayala ambiri a nyengo zonse. Chimene mukufuna inu ndi tayala la nyengo yotentha, kapena la nyengo zonse ngati limenelo ndi lomwe likupezeka.

Nanga matayala ogwiritsidwa kale ntchito? Ndikudziwa kuti kwa ambiri funsoli si lachibwana. Tayala laphulika lero, galimoto ndi imene imabweretsa chakudya pakhomo, ndipo ndalama ya latsopano palibe. Komabe tiyeni tiwerengere limodzi. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limakhala ndi mano akuya pafupifupi mamilimita 8. Malamulo a mayiko ambiri amati mano asatsike kupitirira mamilimita 1.6. Ndiye mano ogwira ntchito ndi mamilimita 6.4. Tayala lakale lotsala ndi mamilimita 4 limaoneka ngati lili pa theka, koma ogwira ntchito atsala 2.4 okha, osakwana n'komwe magawo 40 pa 100. Mukaligula pa theka la mtengo wa latsopano, pa kilomita iliyonse mwalipira zambiri kuposa amene wagula latsopano, ndipo mudzalipiranso msanga zolowetsa ndi kubalansa. Apa sitinawerengere zaka zake, kapena zimene linakumana nazo m'manja mwa mwini woyamba. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati palibiretu kuchitira mwina, musagule lili parimu. Liimikeni pansi, mukankhe milomo yake ndi manja kuti itseguke, muunike m'kati ndi tochi ya foni, n'kumalizunguza pang'onopang'ono mpaka mutabwerera pamene munayambira. Kachikopa ka m'kati kayenera kukhala kosalala. Mukaona makwinya oyenda mozungulira khoma, kapena timibulu takuda ta labala tikusonkhana pansi pamene mukuzunguza, dziwani kuti tayalalo linayendetsedwa litaphwa ndipo ulusi wa m'khoma unapsa kale. Lisiyeni, ngakhale kunja likuwala chotani. Yang'anani zigamba: chimodzi pakati pa mano si nkhani, koma chigamba paphewa kapena pakhoma ndi chizindikiro choipa. Yendetsani dzanja m'mbali kuti mumve chotupa chilichonse. Onani ming'alu pansi pa ngalande za mano ndi pafupi ndi mlomo. Onaninso ngati ngalandezo sizinakumbidwenso ndi mpeni wamoto kuti zioneke zakuya. Zokumbidwanso zimakhala ndi m'mbali mwatsopano mosafanana, ndipo timizere topingasa tosonyeza kutha kwa mano timakhala titadulidwa. Kukumbanso n'kololedwa pa matayala a malole okha olembedwa REGROOVABLE, amene anapangidwa ndi labala wowonjezera pansi pa mano. Pa tayala la galimoto yaing'ono mpeniwo umafika pafupi ndi waya.

Malo abwino opulumutsira ndalama alipo, ndipo ndi ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Makampani akuluakulu ali ndi mayina ena otsikirapo mtengo. Firestone ndi ya Bridgestone. BFGoodrich ndi Kleber ndi za Michelin. Barum, General Tire ndi Matador ndi za Continental. Sava, Fulda ndi Kelly ndi za Goodyear. Laufenn ndi ya Hankook. Palinso makampani ena a pakatikati monga Kumho ndi Nexen a ku South Korea, Maxxis ya ku Taiwan, Apollo ndi CEAT a ku India. Matayala a ku China asaweruzidwe ndi mlandu umodzi, chifukwa ena mwa makampani a kumeneko amapereka matayala kumafakitale opanga magalimoto, pamene ena ndi mayina ongotulukira lero mawa n'kusowa. Mabungwe oyesa matayala paokha, monga ADAC ya ku Germany imene imatulutsa zotsatira zake chaka ndi chaka, amapeza kawirikawiri kuti matayala otchipitsitsa amatsalira kwambiri pa kugwira mabuleki pamsewu wonyowa. N'chifukwa chake ine ndimakonda a pakatikati: tayala latsopano la kampani yodziwika komwe ili, lokhala ndi chizindikiro cha DOT kapena chilembo E m'kabwalo (zosonyeza kuti likukwaniritsa miyezo ya ku America kapena ya ku Europe), limaposa tayala la dzina lalikulu lomwe lili ndi zaka 7.

Ndalama zina zimatayika pa zokongola. Rimu yaikulu yokhala ndi tayala la khoma lalifupi imakopa maso, koma matayala ake ndi odula, ndipo khoma lalifupilo likagunda dzenje limapanikizika pakati pa rimu ndi m'mphepete mwa dzenjelo, ulusi n'kuduka. Matayala a mano akuluakulu a m'matope nawonso ali ndi malo ake, koma pa galimoto yoyenda paphula nthawi zonse amangowonjezera phokoso, kutentha ndi mafuta.

Ndalama zikakwana awiri okha, gulani awiri ofanana, muwaike pa ekisero imodzi, ndipo ikhale ya kumbuyo. Ambiri amadabwa ndi zimenezi, makamaka amene galimoto yawo imakoka ndi mawilo akutsogolo, koma ndi malangizo a opanga matayala okha. Mawilo akutsogolo akaterereka, dalaivala amamva pachiwongolero, amachotsa phazi pamoto, galimoto imagwiranso msewu. Akumbuyo akaterereka pokhota, galimoto imatembenuka yonse ndipo ndi madalaivala ochepa amene angaibweze. Choncho mano abwino apite kumbuyo, akale amene akadali abwino abwere kutsogolo. Magalimoto okoka ndi mawilo onse anayi nthawi zonse ali ndi nkhani yawo, poti kusiyana kwakukulu kwa mano kumapweteka zitsulo zogawa mphamvu, ndiye onani zimene buku la galimoto likunena musanagule awiri.

Musanataye matayala akale, awerengeni kaye, chifukwa amanena matenda a galimoto. Kutha m'mapewa onse awiri pakati pali bwino ndi mpweya wochepa. Kutha pakati pokha ndi mpweya wochuluka. Kutha mbali imodzi ndi alayimenti. Kutha modumphadumpha, pena pokwera pena potsika, kawirikawiri ndi mashoko kapena kusabalansa. Mukaika tayala latsopano osachiza matendawo, nalonso litha chimodzimodzi, ndipo ndalama ya alayimenti ndi yochepa poyerekeza ndi ya tayala. Polowetsa, pemphani vavu yatsopano, poti nayonso ndi labala ndipo yakalamba limodzi ndi tayala lakalelo. Onetsetsani kuti tayala lokhala ndi muvi ndi mawu akuti ROTATION laloza kumene galimoto imapita, ndipo lolembedwa OUTSIDE layang'anadi kunja. Kenako muziwasinthanitsa malo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 aliwonse kuti azitha mofanana.

Tifike pa mpweya, umene uli ndi mphamvu pa moyo wa tayala kuposa dzina lolembedwa m'mbali. Pali chikhulupiriro chofala chakuti kukatentha ndi bwino kuchepetsako mpweya kuti tayala lisaphulike. Chimamveka chanzeru, koma chimagwira ntchito mozondoka. N'zoona kuti mpweya umakwera tayala likatentha, pafupifupi 0.1 bar (bar ndi muyezo wina wa mpweya) pa madigiri 10 aliwonse, ndipo pa ulendo wautali ukhoza kukwera ndi 4 psi kapena kuposerapo. Opanga matayala anawerengera kale zimenezo. Tayala labwinobwino siliphulika ndi kukwera kotereku. Mukaphwetsako lili lotentha, likazizira limakhala lochepa mpweya, mawa lipindika kwambiri, litentha kwambiri, ndipo mwaliyandikitsa nokha kumene mumaopa kuja.

Yezani mpweya matayala ali ozizira, m'mawa musananyamuke kapena galimoto itaima maola atatu. Tsatirani nambala ya pakapepala ka pachitseko, osati yolembedwa patayala pafupi ndi mawu akuti MAX PRESS, chifukwa imeneyo ndi malire a tayala, si mulingo wa galimoto yanu. Kapepala kaja nthawi zambiri kamakhala ndi nambala ina yokwererapo ya galimoto yodzaza anthu ndi katundu. Igwiritseni ntchito pa ulendo wotero. Tayala lopanda chibowo limatayabe pafupifupi 1 psi pa mwezi, ndiye kuyeza kamodzi pa mwezi ndi musanayambe ulendo wautali si kuchulutsa. Diso lokha silithandiza, chifukwa matayala a masiku ano amaoneka odzaza ngakhale atachepa mpweya ndithu. Ngakhale kanyali ka kachipangizo kochenjeza dalaivala kaja, pa malamulo a ku America, kamayenera kuyaka mpweya ukatsika ndi magawo 25 pa 100, pamene tayala lavutika kale kwa nthawi. Kageji ka m'thumba koyezera mpweya n'kotsika mtengo ndipo kamakupatsani muyezo umodzi wosasinthasintha, pamene mapampu a m'malo osiyanasiyana sagwirizana nthawi zonse. Ena amapopera naitirojeni m'matayala molipiritsa m'malo mwa mpweya wamba, koma musadandaule nazo. Mpweya wamba uli kale ndi naitirojeni magawo 78 pa 100, ndipo phindu la wolipiritsayo pa galimoto wamba ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi chizolowezi choyeza.

Mano nawonso ali ndi tsiku lawo, ndipo tsikulo ndi la mvula. Malo ambiri otentha amalandira mvula yamphamvu yogwa nthawi imodzi, ndipo mvula yoyamba pambuyo pa chilimwe imasakaniza fumbi ndi mafuta amene akhala akudontha pamsewu, phula n'kukhala loterera koopsa. Ntchito ya ngalande za tayala ndi kuchotsa madzi kuti labala akhudze msewu. Zikachepa kuya, pa liwiro tayala limakwera pamwamba pa madzi, chiwongolero chimapepuka, mabuleki sagwira. M'ngalandemo muli timizere topingasa totukuka pang'ono, ndipo mano akalingana nato ndiye kuti afika pa mamilimita 1.6. Kugwira msewu wonyowa kumayamba kuchepa kale mano asanafike pamenepo, ndiye tayala lotsala ndi mamilimita osakwana 3 ndi bwino kulisintha mvula isanayambe kusiyana n'kudikira kuti ithe.

Tayala latsopano likabooka, si onse mabowo amene amamatika. Lololedwa ndi bowo la pamano, losapitirira mamilimita 6, ndipo kumata koyenera n'kochotsa tayala parimu, kuona m'kati, n'kuika chigamba chokhala ndi kamchira kotseka bowolo kuti madzi asafike pawaya n'kuchititsa dzimbiri. Kachingwe kolowetsa kuchokera kunja n'kongokufikitsani kumene angamate bwino. Bowo la pakhoma ndi chotupa cha m'mbali zilibe mankhwala, chifukwa ulusi wosenza katundu waduka kale, ndipo tayala lotero lichoke tsiku lomwelo. Apa m'pamene sipeya imafunika kukhala yamoyo. Iyezeni mpweya pamodzi ndi anzake, muwerengenso manambala ake anayi aja, chifukwa m'buti kapena kunsi kwa galimoto kumene imakhala n'kotentha ndipo imakalamba isanayendepo. Ikakhala yaing'ono yopyapyala ija, imafuna mpweya wa 60 psi, umene ndi 4.2 bar, ndipo siyenera kupitirira makilomita 80 pa ola.